Lipoti: kudontha kwa ma handle mu WMI pa seva ya bungwe la alimi ku Dedza

Seva yomwe lipoti ili likunena ndi ya bungwe lina la alimi a kachewere ndi nyemba lomwe lili ndi ofesi pa boma la Dedza komanso malo ogulira mbewu ku Linthipe ndi ku Lobi. Makinawa ali ndi Windows Server 2016, RAM ya 8 GB, pulogalamu ya maakaunti, mafoda omwe ogwira ntchito amagawana, pulogalamu yosunga makope a mafayilo usiku, ndi pulogalamu ina yaying'ono yoyang'anira UPS, kabokosi ka batire kosunga seva yoyaka magetsi akathima. Madandaulo anali awiri. Loyamba, kusunga makope usiku kunkalephera mwa apo ndi apo, ndipo nthawi zina Server Manager inkakana kuwonetsa za makinawo kenako n'kuchira yokha. Lachiwiri linali lowawa kwambiri: Lachisanu lililonse masana, a akauntanti akalowetsa disiki yakunja ya USB, seva inkauma mpaka wina aizimitse ndi batani.

Mavuto onsewa anayamba bungweli litaika sola ndi mabatire. Kale seva inkazimitsidwa poweruka ndiponso magetsi akathima, moti sinkayaka kupitirira maola 9 kapena 10 mosalekeza. Sola itabwera inayamba kuyaka usana ndi usiku. Ambiri pa ofesipo ankaloza chala inveta. Inveta inalibe mlandu. Mapulogalamu awiri ankadontha kuyambira kale, kutanthauza kuti ankatenga ma handle osawabweza (handle ndi chogwirira chomwe Windows imapereka kwa pulogalamu ikatsegula chinthu monga fayilo, ndipo imayenera kubwezedwa ntchito ikatha), koma kuzimitsa makina madzulo aliwonse kunkafufuta umboni vuto lisanakule.

Zomwe zolemba za Windows zinasonyeza

Mu Event Viewer, pa Application, munali Event ID 5612 yochokera ku WMI (Windows Management Instrumentation), gawo la Windows lomwe mapulogalamu amafunsako za makina, monga za ma disiki. Uthenga wake umanena kuti WMI yaimitsa WMIPRVSE.EXE chifukwa yafika pa malire, ndipo umatchula malirewo. Apa anali HandleCount, ndipo Maximum value inali 4096. Titandandalika nthawi za mauthengawa tinaona kuti akutalikirana ndi maola 31 pafupifupi ndendende. Ichi ndicho chinkachititsa kuti vuto lizioneka losadziwika nthawi: likagwa 8 koloko m'mawa lero, lotsatira ligwa cha m'ma 3 koloko masana mawa, linalo cha m'ma 10 koloko usiku mkuja. Likagwera usiku pomwe pulogalamu ya makope ikufunsa za ma disiki, makope a usiku umenewo atayika. Likagwera nthawi yomwe palibe akufunsa kanthu, palibe amene ankadziwa. Mu Microsoft-Windows-WMI-Activity/Operational munali ma 5858 a mphindi zomwezo okhala ndi 0x800706BE, kutanthauza kuti wofunsa anadulidwa pakati chifukwa process, ndiko kuti pulogalamu yomwe ikuyenda, yomwe inkamuyankha yafa.

Pa System munali Event ID 2004 ya Resource-Exhaustion-Detector, Lachisanu lokhalokha. Iyi imanena kuti memory yatha, ndipo imatchula ma process atatu omwe adya yambiri. WmiPrvSE.exe sinali pakati pawo. Apa tinadziwa kuti tili ndi matenda awiri osiyana odutsira pa khomo limodzi.

Pofunika kumvetsa kamangidwe ka WMI, chifukwa pamenepa ndi pamene ambiri amasochera. Service ya Winmgmt imakhala mkati mwa svchost.exe, ndiyo imalandira mafunso, kusunga repository, yomwe ndi nkhokwe ya zolembetsa za WMI, ndi kuyang'anira omwe alembetsa kuti aziuzidwa zochitika. Koma mayankho enieni amachokera kwa ma provider, omwe ndi mafayilo a DLL, ndipo amayendetsedwa mu WmiPrvSE.exe. WmiPrvSE.exe imodzi imatha kunyamula ma provider angapo a eni osiyana. Choncho dzina lomwe mukuona mu Task Manager si la wolakwa, ndi la nyumba yomwe wolakwa akugonamo. Mafunso oyenera ndi awiri nthawi zonse: ndi provider uti amene akudya, ndipo ndani akumutuma.

Malire a WmiPrvSE.exe amaoneka ndi lamulo ili:

Get-CimInstance -Namespace root -ClassName __ProviderHostQuotaConfiguration

Pa makinawa anali osasinthidwa: HandlesPerHost 4096, ThreadsPerHost 256, MemoryPerHost 536870912, yomwe ndi 512 MB, MemoryAllHosts 1073741824, ndi ProcessLimitAllHosts 32.

Njira ziwiri zomwe tinakana

Panali kale ganizo lomanganso repository ndi winmgmt /resetrepository. Tisanakhudze kanthu tinayendetsa winmgmt /verifyrepository, ndipo inayankha kuti repository ili bwino. Kumanganso kukanabweretsa vuto latsopano: ma class omwe mapulogalamu ena analembetsa, ngati mafayilo a MOF omwe anawalembetsera sali pa mndandanda wa autorecover, satha kubwerera okha, ndipo mwini pulogalamu amangodzidzimuka ndi 0x80041010. Chinanso, repository ndi mafayilo a pa disiki, OBJECTS.DATA ndi INDEX.BTR ndi anzake mu C:\Windows\System32\wbem\Repository. Handle yosabwezedwa imakhala mu process yamoyo. Kukonza chimodzi sikukhudza chinzake.

Ganizo lachiwiri linali lokweza HandlesPerHost kufika pa 8192. Kukweza malire kumathandiza pa seva yomwe ili ndi katundu wochuluka wachilungamo, pomwe chiwerengero chimakwera kenako n'kutsika. Pa kudontha, kumangosuntha tsiku la maliro. Ndi liwiro lomwe tinapeza pambuyo pake, maola 31 akanangosanduka maola 65.

Tinayang'ananso ngati si kachilombo. Njira ya fayilo inali yolondola, C:\Windows\System32\wbem\WmiPrvSE.exe, ndipo mu root\subscription, pomwe mapulogalamu oipa amakonda kubisala kudzera mu __EventFilter ndi __FilterToConsumerBinding, munali chokhacho chomwe Windows imabwera nacho, SCM Event Log Filter.

Kuyeza

Chiwerengero chimodzi cha mu Task Manager sichitsimikiza kudontha. Chomwe chimatsimikiza ndi mzere wokwera wosatsika ngakhale ntchito itachepa. Pa Server 2016, Winmgmt imagawana svchost imodzi ndi ma service ambiri a gulu la netsvcs, choncho poyamba tinaipatula kuti manambala ake akhale akeake:

sc config winmgmt type= own

Mpata womwe uli pambuyo pa chizindikiro cha = ndi wofunika; popanda iwo lamulo limakana. Poyambitsanso Winmgmt, ma service odalira iyo monga IP Helper ndi User Access Logging amaima nawo, ndipo muyenera kuonetsetsa kuti adzukanso. Pa Windows 10 kuyambira 1703, makina okhala ndi RAM yoposa 3.5 GB amapatula ma service okha, choncho kumeneko sitepe iyi nthawi zambiri siifunika.

Kenako tinatchera cholembera manambala:

logman create counter WmiLog -c "\Process(*)\Handle Count" "\Process(*)\Private Bytes" "\Process(*)\Thread Count" "\Process(*)\ID Process" "\Memory\Committed Bytes" -si 00:01:00 -f bincirc -max 500 -o C:\PerfLogs\WmiLog

logman start WmiLog

ID Process isasiyidwe. Perfmon, chida cha Windows choonera manambalawa, imatcha ma process a dzina limodzi WmiPrvSE, WmiPrvSE#1, WmiPrvSE#2, ndipo imodzi ikatseka manambalawo amasunthira kwa otsala. Popanda ID Process mungaone mzere ukugwa mwadzidzidzi n'kuganiza kuti ma handle abwezedwa, pomwe dzina langosamukira kwa process ina. Tinalembanso ma process onse, osati a WMI okha, ndipo izi ndi zomwe zinatigwirira vuto lachiwiri.

Tsiku limodzi linali lokwanira. Mwa ma WmiPrvSE.exe atatu, awiri ankakwera ndi kutsika mozungulira 200 mpaka 400. Yachitatu, yoyenda pa akaunti ya NETWORK SERVICE, inayambira pafupi ndi 350 n'kumakwera ndi ma handle 120 pa ola, masana ndi usiku chimodzimodzi. Ma handle 120 pa ola ndi 2 pa mphindi. Kuchoka pa 350 kufika pa 4096 ndi liwiro limenelo ndi maola 31 ndi mphindi zochepa, zomwe zinagwirizana ndi nthawi za 5612. Kuwongoka kwa mzerewo kunatiuza chinthu china: wotuma si munthu. Ntchito ya anthu ikanakwera m'mawa, kutsika nthawi ya nkhomaliro, n'kuima usiku. Uyu anali wotchi. Private Bytes ya process imeneyi inkangokwera pang'ono, zomwe zimachitika handle ikakhala ya chinthu chaching'ono.

Kupeza provider

Kuti tidziwe ogona m'nyumbamo:

Get-CimInstance -ClassName Msft_Providers | Select-Object Provider, Namespace, HostProcessIdentifier, User

tasklist /m /fi "pid eq 2840"

Nambala 2840 inali PID, nambala yozindikirira process, ya nthawiyo. Ya kwanu idzakhala ina. Process Explorer imaonetsanso zomwezi pa tsamba la WMI Providers. Mu process imeneyi munali CIMWin32, ya cimwin32.dll, yomwe imayankha mafunso a Win32_LogicalDisk, Win32_OperatingSystem, Win32_Service ndi ena ambiri, pamodzi ndi provider wa pulogalamu ya UPS. Ichi ndicho chinkachititsa kuti pulogalamu ya makope izivutika ndi tchimo la mnzake. WMI ikaimitsa process, siisankha provider, onse amapita. Provider wa UPS akanakhala wa 32-bit akanayendera mu WmiPrvSE.exe ya ku SysWOW64\wbem payekha, ndipo CIMWin32 wa 64-bit sakanakhudzidwa.

Mtundu wa handle tinaupeza ndi Handle ya Sysinternals, poyendetsa kawiri motalikirana ndi ola:

handle.exe -s -p 2840

Event, File, Section ndi Thread sizinasinthe kwenikweni. Key inakwera ndi 120. Ndi handle.exe -a -p 2840 tinaona mizere mazanamazana ya makiyi awiri omwewo a registry, nkhokwe ya ma setting a Windows, onse pansi pa HKLM\SOFTWARE m'chigawo cha kampani yopanga pulogalamu ya UPS. Umboniwu unali wamphamvu kale, koma dzina la kiyi limangonena chomwe chatsegulidwa, osati wotsegula. Kuti tikhale ndi chomwe kampaniyo singakane, tinajambula ndi Windows Performance Recorder kwa mphindi 10:

wpr -start Handle -filemode

wpr -stop C:\Temp\handle.etl

Tinasankha njira iyi m'malo mwa !htrace ya WinDbg chifukwa debugger imaimitsa process ikamalumikizidwa, ndipo pa seva yomwe anthu akulembera malisiti a alimi si bwino kutero masana. Fayilo ya etl tinaitsegulira pa laputopu ndi Windows Performance Analyzer. Ma symbol a Microsoft, mafayilo othandiza kuona mayina a ma function, amadya bandulo ndithu, choncho ndi bwino kuwatsitsiratu mu foda monga C:\Symbols komwe intaneti ili yabwino, kusiyana ndi kudikira pa foni ya m'manja muli pa ofesi ya kasitomala. Pa tebulo la ma handle osatsekedwa, mphindi 10 zinapereka 20, ndipo onse anali ndi stack imodzi, ndiko kuti mndandanda umodzi wa ma function oitanana: RegOpenKeyExW yoitanidwa kuchokera mu DLL ya UPS, popanda RegCloseKey yofanana nayo. DLL imeneyo ilibe ma symbol athu, koma dzina la module limaoneka, ndipo n'lokwanira. Zinali ngati munthu wobwereka makasu awiri m'mawa uliwonse osabweza, mpaka nkhokwe ya mudzi kutsala yopanda kanthu.

Wotuma tinamupeza poyatsa Show Analytic and Debug Logs mu Event Viewer ndi kutsegula WMI-Activity/Trace kwa mphindi zochepa. Event ID 11 imaonetsa funso lenileni ndi ClientProcessId. Inali service ya pulogalamu ya UPS yomweyo, ikufunsa za batire masekondi 60 aliwonse. Trace iyi isasiyidwe yoyaka, imalemba zambiri.

Chomwe tinachita ndi provider ameneyu

Kukonza kwenikweni kuli m'manja mwa amene analemba DLL, ndipo tinawatumizira fayilo ya etl, chithunzi cha Perfmon ndi zotuluka za handle.exe. Podikira, tinamusamutsira m'nyumba yake posintha HostingModel:

$p = Get-WmiObject -Namespace root\cimv2 -Class __Win32Provider -Filter "Name='DzinaLaProvider'"

$p.HostingModel = 'NetworkServiceHost:UPS'

$p.Put()

Dzina lililonse loikidwa pambuyo pa madontho awiriwo limapangitsa WMI kutsegula WmiPrvSE.exe yapadera ya gulu limenelo. Lembani kaye HostingModel yakale musanasinthe, ndipo musasinthe akaunti: ngati anali pa NetworkServiceHost akhale pomwepo, asakwezedwe kupita pa LocalSystemHost, chifukwa kumeneko ndi kupereka mphamvu zonse za makina kwa pulogalamu yomwe mwaigwira kale ikulakwitsa. Kusinthaku kumagwira Winmgmt ikayambitsidwanso. Dziwaninso kuti pulogalamuyo ikaikidwanso kapena kukwezedwa, MOF yake imalembanso HostingModel yakale, choncho tinalemba izi pa pepala la makinawo.

Tinasinthanso kafunsidwe kuchoka pa masekondi 60 kufika pa mphindi 10. Tisanatero tinatsimikiza kuti chenjezo lozimitsa seva batire ikatsala pang'ono silidutsa mu funso limeneli koma pa chingwe cha USB mwachindunji, ndipo tinaliyesa pochotsa UPS ku magetsi Loweruka ofesi itatsekedwa. Pa liwiro latsopanoli malire akanafikidwa pakatha masiku 13. Koma WMI imatsitsa ma provider omwe akhala osatumidwa kwa kanthawi, ndipo WmiPrvSE.exe yopanda provider imatseka yokha. Popeza uyu tsopano anali yekha, process yake inayamba kutseka pakati pa mafunso, ndipo Windows inkatenganso ma handle onse. DLL ikadali yolakwika mpaka pano; tangoichotsera mpata wounjika.

Vuto la Lachisanu

Mu WmiLog momwemo, powershell.exe imodzi inali ndi Handle Count yokwera ngati masitepe, mphindi 30 zilizonse, ndipo Private Bytes ya svchost ya Winmgmt inkakwera pang'onopang'ono motsatira. Mu WMI-Activity/Operational munali Event ID 5860 mphindi 30 zilizonse. Iyi imalembedwa wina akalembetsa kuti aziuzidwa zochitika kwa kanthawi, ndipo imaonetsa funso ndi ClientProcessID. Funso linali lomwelomwelo:

SELECT * FROM __InstanceCreationEvent WITHIN 5 WHERE TargetInstance ISA 'Win32_LogicalDisk'

Inali script yoyambitsidwa ndi Task Scheduler makina akayaka. Cholinga chake chinali chabwino: disiki ya USB ikalowa, robocopy, lamulo la Windows lokopera mafayilo, iyambe kukopera mafoda a maakaunti. Koma mzere wa Register-CimIndicationEvent unali mkati mwa while, pamodzi ndi Start-Sleep ya mphindi 30, ndipo unalibe SourceIdentifier. Dzina likanakhalapo, kulembetsa kwachiwiri kukanakanidwa ndi uthenga woti dzinalo lilipo kale, ndipo wolemba script akanaona cholakwikacho tsiku loyamba. Popanda dzina PowerShell imapanga lake latsopano ulendo uliwonse, mwakachetechete. Unregister-Event munalibemo.

Masamu ake ndi awa. Kulembetsa 48 pa tsiku. Pa nthawi yomwe seva inkazimitsidwa madzulo, pofika masana Lachisanu zinkakhala zosakwana 20, ndipo ma robocopy osakwana 20 ankalimbirana mafayilo omwewo. Ogwira ntchito ankangoti disiki ndi yochedwa. Seva ikayaka masiku 7 zimafika 336. Disiki ikalowa, kulembetsa kulikonse kumalandira uthenga wake ndi kuyendetsa Action yake, ndipo Action inali Start-Process robocopy yokhala ndi /MT:16. Start-Process siidikira kuti yoyamba ithe. Ma robocopy oposa 300, iliyonse ndi ma thread 16, pa makina a 8 GB ndi disiki imodzi ya USB: ndiko kuuma kuja. WMI ili ndi malire akenso pa izi, mu __ArbitratorConfiguration, pomwe TemporarySubscriptionsPerUser ndi 1000, ndipo yodutsa pamenepo imalandira 0x8004106C. Malirewo akanafikidwa pa tsiku la 21, koma seva sinkakhala moyo kufika pamenepo.

Apa WMI sinadonthe konse. Inasunga mokhulupirika chilichonse chomwe inapemphedwa kusunga, ndipo kulembetsa kwa kanthawi kumakhala ndi moyo malinga ngati process yopempha ili moyo. Ndi chifukwa chake kuyang'ana svchost yokha kukanatisocheretsa.

Script tinailembanso. Kulembetsa kumachitika kamodzi, kunja kwa while, ndi dzina. M'malo mwa funso la WITHIN 5, lomwe limakakamiza WMI kuwerenga ma disiki onse masekondi 5 aliwonse n'kuyerekeza ndi akale, tinagwiritsa ntchito Win32_VolumeChangeEvent yokhala ndi EventType = 2, yomwe Windows imatumiza yokha disiki ikalowa. Mkati mwa while muli Wait-Event, kenako Remove-Event kuti mauthenga asaunjikane pa mzere, kenako Start-Process robocopy ndi -Wait. Unregister-Event ili mu finally. Tinaonjezanso kuyang'ana serial number ya volume kukopera kusanayambe, chifukwa script yakale ikanakopera maakaunti a bungwe pa fulashi iliyonse yomwe wina angailowetse. Ichi, mwa kuona kwathu, chinali chowopsa kuposa kuuma kwa seva, ndipo tinawauza a manijala mosapita m'mbali.

Kutsimikiza

WmiLog inasiyidwa ikuyenda milungu 3, kupitirira nthawi yaitali kwambiri ya mavuto onse awiri. WmiPrvSE.exe ya CIMWin32 inakhala pakati pa 300 ndi 450. Panalibe 5612 ina, panalibe 2004, ndipo 5860 ya script inaoneka kamodzi kokha pa kuyaka kulikonse. Lachisanu robocopy imodzi inkayamba ndi kumaliza. Winmgmt tinaibwezera m'gulu lake ndi sc config winmgmt type= share.

Tinasiya chenjezo la Perfmon lomwe limalemba uthenga Handle Count ya WmiPrvSE iliyonse ikadutsa 3000, kuti pakhale nthawi yojambula umboni WMI isanaphe process. Process ikafa, umboni wonse umafa nayo. ProcDump ili mu C:\Tools, ndipo procdump -ma ndi PID imatenga dump yonse, kope la zonse zomwe zili mu memory ya process. Dump imeneyo imatha kukhala ndi mawu achinsinsi ndi zina za mamembala, choncho isatumizidwe pa WhatsApp kapena kusiyidwa pa fulashi.

Ntchito ziwiri zatsala. Kampani ya pulogalamu ya UPS ikatulutsa DLL yokonzedwa, iyesedwe motere: kafunsidwe kabwezedwe pa masekondi 60, handle.exe -s iyendetsedwe kawiri motalikirana ndi ola, ndipo Key isakwere; pokhapokha ndi pamene HostingModel ingabwezedwe mwakale. Ndipo Microsoft idzasiya kutulutsa zigamba za chitetezo za Windows Server 2016 pa 12 January 2027. Posamukira ku seva yatsopano, script yokonzedwayi ndiyo isamutsidwe, osati kope lakale lomwe lidakali mu makope a disiki ya USB.